Wotchi Imene Inamera Ndevu

Mzime anali ndi zaka makumi anayi, ana awiri ndi imvi zitatu zimene ankazizula Loweruka lililonse, koma pabanja pawo ankamuitanabe kuti Mzime ngati anabadwa dzulo. Vuto la kubadwa komalizira ndi limenelo. Ungakalambe bwanji, abale ako amakuonabe ngati ukadali ndi mamina pamphuno.

Bambo ake anali okonza mawotchi. Chipinda chawo chogwirira ntchito chinali pakona pa msewu, pakati pa wometa tsitsi ndi sitolo ya penti. Sichinali chachikulu ayi. Munali tebulo limodzi loyang'ana kuzenera, nyale yopindika khosi, ndi kabati ya madirowa makumi atatu odzaza mawotchi akufa amene eni ake anawasiya osabweranso. Mzime anakulira m'menemo, ndipo anaphunzira kugwira kachipangizo kopanira tizitsulo ta wotchi asanaphunzire kugwira cholembera. Koma tsopano maso a mdalayo anali atachita ng'ala. Ankabwerabe m'mawa uliwonse atavala taye, n'kukhala patebulo lawo, koma ntchito yonse inkagwiridwa ndi Mzime ali chiimire kumapeto kwa tebulolo.

Ndiye panali mchimwene wake wamkulu, amene msewu wonse unkamutcha Mafoni. Iyeyu ankakonza mafoni pakatebulo pakhonde la chipinda chomwecho, pansi pa ambulera yothyoka nthiti ziwiri. Mvula ikayamba ankanyamula katundu yense n'kuthawira kwa wometa. Ankachifuna chipindacho, ndipo tisamunamizire, sanali munthu woipa. Ankanena zoona zake kuti masiku ano aliyense nthawi amaionera pafoni, kuti iye ali ndi ana anayi, ndiponso kuti si nzeru kusungira mawotchi akufa denga labwino pamene munthu wamoyo akunyowa panja.

Chimene Mafoni sankafuna kumva n'chakuti akufawo Mzime anali atayamba kuwadzutsa. Ankatsegula dirowa, n'kusankha wotchi yokiya, zija zosafuna batire zimene umapotokola kachitsulo ka m'mbali m'mawa uliwonse. Ankachotsa makina a m'kati, kuwamasula onse, kuwatsuka giya ndi giya, n'kuwadontheza mafuta ndi nsonga ya singano. Kenako ankawasulira thupi latsopano kuchokera ku zinthu zotayidwa. Chibokosi chake ankadula ku mipopi yakale ya mkuwa, nkhope yake ku mbale zong'ambika kapena manambala a galimoto, lamba wake ku chikopa cha mipando ya basi. Namwino wina anagula imodzi chifukwa cha muvi wa masekondi, ati foni siyenera kugwiridwa ndi dzanja limene likuwerenga kugunda kwa mtima wa wodwala. Mphunzitsi wina anabwera ndi supuni ya malemu mayi ake, n'kupempha kuti mivi ichokere m'menemo. Anthu ankazikonda chifukwa wotchi yotere uli nayo nkhani yoti unene, ndipo ukaiika kukhutu umamva kuti muli chamoyo. Mafoni ankangoti ndi zidole za kudzala.

Nkhaniyi inavuta mpaka kufika poti azibale awiriwa ankapatsana moni kudzera mwa wometa. Mdala atatopa nazo anawaitana onse awiri, n'kugamula. Mzime apange wotchi imodzi yatsopano, yochokera kudzala konko. Iwo aivala sabata yathunthu, kuyambira Lolemba masana. Ikathamanga kapena kuchedwa kupitirira mphindi zisanu, chipinda chikhala cha Mafoni. Ikapanda kutero, ndi cha Mzime, ndipo pasadzamvekenso phokoso.

Mzime anaigwira ntchitoyo ngati akupanga wotchi ya mfumu. Makina anasankha abwino kuposa onse m'kabati. Chibokosi anachidula ku mpopi wokhuthala, n'kuchipala ndi tupa masiku anayi mpaka zala kutuluka matuza. Nkhope yake inali yobiriwira, yochokera ku kapu yachitsulo. Chivundikiro chakumbuyo anachidula ku chitsulo chonyezimira bwino chimene mkulu wa kumalo ogulitsira zitsulo zakutha anamupatsa ulere, ati chinali cha makina a m'fakitale ina. Atamaliza anaiyesa monga bambo ake anamuphunzitsira: kuigoneka chafufumimba patebulo, kumbuyo kuli kotsegula kuti uthe kuikonza ikalakwa, n'kuivundikira ndi tambula kuopa fumbi. Masiku atatu inayenda chonchi osataya ndi theka la mphindi lomwe. Lolemba m'mawa anaitseka ndi chivundikiro chija, kumanga timisomali tinayi, ndipo masana anaimanga yekha pamkono pa bambo ake.

Lachiwiri masana Mafoni anabwera ndi foni yake kudzayerekeza. Zinafanana ndendende. Anabwerera kukhonde nkhope itagwa, ndipo Mzime tsiku limenelo ankaimba nyimbo za kutchalitchi mokweza dala, pafupi ndi chitseko.

Lachitatu m'mawa Mzime anadzera kunyumba kwa bambo ake kukawasiyira mankhwala a m'maso. Ali pakhomo anamva wailesi ikulengeza kuti yakwana seveni koloko. Anasuzumira pazenera, n'kuona mdala atakhala pafupi ndi wailesiyo, wotchi ataibweretsa pamphuno penipeni, atakoka kachitsulo ka m'mbali. Ankabweza mivi m'mbuyo.

Abale inu, zinamuwawa Mzime. Analowa osagogoda, ndipo mdala anabisa mkono pansi pa tebulo ngati mwana amene wapezeka akunyambita shuga.

"Yathamanga zingati, Bambo?"

Mdala anayamba kukamba za mankhwala, kuti a ulendo watha ankayabwa.

"Bambo, zingati?"

"Khumi ndi ziwiri," anatero motsitsa mawu. "Dzulonso chimodzimodzi. Ndimati ndikuthandize, mwana wanga. Ndani akanadziwa?"

"Ine ndikanadziwa liti? Munthu woyamba akadzabweza wotchi n'kunditukwana pakhomo?"

Mzime anaimasula pamkono pawo n'kutuluka. Mumsewu ankayenda akulira ndi ukali, ndipo sankadziwa kuti wakwiyira ndani, mdala wake kapena manja ake. Kuchipinda anapeza Mafoni akutambasula ambulera. Akanatha kulowa mwakachetechete, kukonza cholakwikacho mobisa, palibe akanamufunsa. Koma Mzime anali ndi mutu wouma wa mayi ake. Anaima patsogolo pa katebuloko.

"Achimwene, wotchi ija ikunama, ndipo bambo akhala akuithandiza kunama."

Mafoni anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Anayembekezera zambiri kwa mlongo wake, koma izi ayi. Kenako ananena kuti ndiye basi, nkhani yatha, ayambe kulongedza madirowa. Mzime anamukumbutsa kuti sabata imatha Lolemba, osati Lachitatu. Anakangana mpaka wometa anatuluka ndi chipeso m'manja kudzaweruza. Pomaliza anagwirizana chonchi: Lachisanu masana Mzime apereke wotchiyo kwa Mafoni, ndipo aivale iyeyo, osati mdala. Pofika Lolemba masana isaphonye kupitirira mphindi ziwiri. Mafoni anavomera akumwetulira, poti ankadziwa kuti wotchi yothamanga chotero siichira m'masiku awiri.

Mzime anaitsegula. M'kati mwa wotchi yokiya muli kawilo kamene kamavinira uku ndi uku, ndipo pamwamba pake pali kasipuling'i kopyapyala kamene bambo ake ankakatcha katsitsi. Katsitsi kameneko ndi kamene kamalamula liwiro. Mizere yake ikamatirana, wotchi imathamanga. Atayang'ana ndi kagalasi ka m'diso anaona kuti inde, mizere iwiri ikugwirana. Anaganiza kuti ndi dontho la mafuta, n'kudzitukwana kuti wagwira ntchito ngati wophunzira. Anakatsuka, kukaumitsa, kukabwezera. Kanagwiranabe. Anakatsukanso kachiwiri, koma palibe chinasintha.

Anafufuza m'madirowa onse makumi atatu mpaka kupeza wotchi ina yakufa ya mtundu womwewo, imodzi yokha. Anachotsa kawilo kake ndi katsitsi kake n'kuika m'malo mwa koyamba kaja. Masana onse a Lachitatu wotchi inayenda bwinobwino pansi pa tambula, kumbuyo kuli kotsegula. Mtima unakhala pansi. Poweruka anaitseka n'kupita kwawo. Lachinayi m'mawa anaipeza itathamanga mphindi zisanu ndi ziwiri.

Apa ndiye anagwira njakata. Mdala anafika, kukhala pamalo pawo mwamanyazi, n'kuyamba kutchula matenda onse a wotchi amene anakumana nawo m'zaka makumi asanu, koma onsewo Mzime anali atawayang'ana kale. Panja Mafoni ankayeza m'lifupi mwa chitseko ndi chingwe cha tchaja, akuimba mluzu. Pofika masana Mzime mutu unali utatentha. Anaitenga wotchi ija n'kuiponya kumapeto kwa tebulo, kumene ankapalira zitsulo, n'kutuluka kukamwa madzi. Atabwerako anainyamula kuti ayambirenso, ndipo anamva zokanda m'dzanja. Anaitembenuza. Chivundikiro chonse chinali chitamera ndevu. Utuchi wa chitsulo umene unali patebulo unali utakakamira kumbuyoko, utaima njo.

Anapukuta ndi chala, n'kuigonekanso pautuchi. Ndevu zinameranso. Anayandikitsa singano, ndipo singanoyo inalumpha yokha n'kukamatirira.

"Bambo," anatero Mzime, "chitsulo ichi chili ndi maginito."

Mdala anamenya tebulo ndi chikhatho. N'chifukwa chake inkayenda bwino ili yotsegula! M'moyo wawo wonse anali asanatsekepo wotchi ndi chivundikiro chosachokera kufakitale, ndiye mwambo wawo woyesera kumbuyo kuli kotsegula unali usanawagwiritsepo fuwa la moto. Koma maginitowo anachokera kuti? Mzime anavula epuloni n'kuthamangira kumalo a zitsulo zakutha, kumene anali asanalowe m'kati kwa miyezi iwiri chifukwa mkulu wa kumeneko ankamubweretsera zinthu pageti. Atangolowa anaona chikireni chachikasu chikuzungulira, kunsonga kwake kukulendewera chimbale chachikulu. Chimbalecho chinatsikira pamulu wa zitsulo, zitsulo zonse n'kudumphira m'mwamba kukakakamira. Mkulu uja anabwera akudzitama kuti chafika mwezi watha, ndipo tsopano palibenso wothyoka msana ndi kunyamula. Chitsulo chonyezimira chija? Ee, chinatsitsidwa mulole ndi chimbale chomwecho. Mzime anaseka mpaka kugwira mpanda, mkuluyo n'kumadabwa kuti walankhula chiyani choseketsa.

Asanachoke anafukula m'mulu wa kumbali n'kupeza kachikwangwani ka mkuwa kochokera pachitseko cha ofesi ina yogwetsedwa. Mkuwa sugwira maginito. Madzulo asanakwane anali atadula chivundikiro china, kuchipala ndi kuboola mabowo anayi.

Koma vuto linali lisanathe. Katsitsi kachiwiri kaja kanali katatengera kale matendawo, ndipo m'madirowa munalibe kena. Mdala anati kale anali ndi kabokosi ka magetsi kochotsera maginito, kokhala ndi waya wokulungakulunga m'kati, koma kanapsa Mzime ali kusukulu, ndipo sanagulenso kena. M'tauni monse panalibe wina wokonza mawotchi woti n'kukabwereka. Mzime anapita kwawo tsiku limenelo nkhope ili yolemera, ndipo ana ake anadziwa okha kuti lero si tsiku lopempha kanthu.

Lachisanu m'mawa anakhala kumapeto kwa tebulo, wotchi ili patsogolo pake, maola anayi okha atatsala. Kuseri kwa khoma wometa anayatsa makina ake, aja akale olumikiza kumagetsi, olira ngati njuchi yatsekeredwa m'chitini. Phokoso limeneli Mzime ankadana nalo kuyambira kalekale. Koma chaka chathacho makinawo atafa, ndi iye amene anawatsegula n'kuwakonza, ndipo anakumbuka zimene anaona m'kati mwake. Munalibe injini. Munali waya wokulungakulunga basi, wokoka ndi kusiya kachitsulo kambirimbiri pasekondi imodzi. Anafunsa mdala ngati kabokosi kaja kankalira pogwira ntchito. Mdala anati kankalira, ndipo kankanjenjemera m'manja.

Mzime analowa kwa wometa ngati wapolisi. Pampando panali bambo wina wonenepa, mutu utametedwa mbali imodzi. Mzime anapempha makinawo mphindi ziwiri zokha. Wometa anati adikire amalize. Mzime anati sangadikire, n'kuwalanda ali chilirire. Bambo wonenepayo anayamba kudandaula kuti ali ndi msonkhano naini koloko, koma ataona mayi akusisita wotchi pamimba pa makina ometera anaiwala msonkhanowo n'kutembenuka ndi mpando womwe. Mzime anaigundikiza wotchiyo pamene pali waya paja, n'kuiyendetsa pang'onopang'ono, kenako kuitalikitsa pang'onopang'ono mpaka mkono wonse utatambasuka. Anatero katatu. Anadutsitsanso kopanira ndi masikuludiraiva ake onse, poti nawonso anali atayamba kunyamula singano. Atayang'ana ndi kagalasi ka m'diso, mizere ya katsitsi inali itamasukana, iliyonse payokha, ikupuma bwinobwino.

Nthawi yoiyesa masiku atatu panalibe. Anaitseka ndi chivundikiro cha mkuwa, ulendo uno n'kuiyesa ili yotseka, maola awiri okha amene anatsala. Masana anaipereka kwa Mafoni. Iye anaimanga pamkono, kuiyerekeza ndi foni pamaso pa wometa, n'kunena kuti Lolemba abwera ndi makatoni oti mlongo wake alongedzeremo.

Loweruka ndi Lamlungu Mzime sanali munthu. Anathira mchere mu tiyi wa mwamuna wake. Kutchalitchi anaimirira pamene ena onse akhala. Ankangoganiza za timisomali tinayi tija, ngati anatimanga mokwanira, ndiponso za mchimwene wake amene ankayenda panjinga yamoto m'misewu ya mabampu.

Lolemba, itatsala pang'ono kukwana thwelofu, chipinda chinadzaza. Wometa anatseka kwake. Mkulu wa zitsulo anabwera ndi ovolosi yake yamafuta, wa penti anaima pakhomo, ndipo ngakhale bambo wonenepa uja anatulukira, ati amangodutsa. Mafoni analowa pomalizira, wopanda makatoni. Anaika foni patebulo, n'kugoneka mkono pambali pake. Manambala a pafoni atasintha kukhala thwelofu, maso onse anapita pankhope yobiriwira ija. Muvi wa maola ndi wa mphindi inali itagundana pamwamba, ndipo wa masekondi unali utatsala pang'ono kufika. Wometa anawerenga mokweza. Anafika pa khumi ndi zisanu ndi zinayi, muvi n'kukwana.

Masekondi khumi ndi asanu ndi anayi, m'masiku atatu! Wometa anakuwa ngati timu yake yagoletsa, mkulu wa zitsulo n'kuyamba kuuza aliyense kuti mkuwawo unachokera kwa iye.

Mafoni anakanda m'mutu. Anaulula kuti anaiyesa mwankhanza. Anakwera nayo njinga yamoto mpaka kumudzi kwa apongozi ake, anakhoma nayo misomali, ndipo Loweruka anaiyang'ana pafupifupi ola lililonse kudikira kuti iphonye. Anawonjeza, akuyang'ana pansi, kuti anthu atatu anamuimitsa kufunsa kumene anaigula, ndipo mmodzi akubwera mawa.

"Chipinda n'chako, chemwali," anatero. Aka kanali koyamba m'moyo wake kumutchula choncho. "Koma mvula ikagwa ndizilowa."

"Muzilowa, achimwene. Mafoni anuwo muziwaika kutali ndi tebulo langa, ali ndi maginito."

Anthu anaseka. Mdala yekha ndi amene sanaseke. Anatambasula dzanja, ndipo Mafoni anamasula wotchi n'kuwapatsa. Sanayese n'komwe kuiyang'ana. Anaisisita ndi chala chachikulu kuzungulira chibokosi chonse, kufufuza pamene tupa anaphonya, koma sanapapeze. Kenako anaiika kukhutu n'kutsinzina. Anamvetsera nthawi yaitali, mpaka wometa anasiya zolankhula zake, wa penti n'kuvula chipewa osadziwa chifukwa chake.

"Zaka makumi asanu ndakhala ndikukonza za anthu ena," anatero mdala. "Sindinapangepo yanga ndi imodzi yomwe. Iyi sindikanaitha ine."

Anadzuka pampando wawo pang'onopang'ono, akugwira tebulo, n'kuukokera kumbuyo. Anaima pambali atagwira chotsamira chake, kudikira. Mzime anapukuta maso ndi epuloni, n'kuzungulira tebulo kukakhala pansi.